Amagogoda ndi Chidendene

Murray Tatnell anafika kwathu Lachinayi madzulo, m'mwezi wa Julaye, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. M'dzanja limodzi ananyamula nsomba ndi tchipisi za anthu awiri. M'dzanja linalo munali envulopu yomata. Nditangoiona envulopuyo ndinadziwa kuti kwabwera mlendo.

"Kuzizira konseku?" ndinamufunsa. "Wamutola kuti, m'filiji?"

"Usayambe, Raelene. Tenga mbale."

Anali atavala malaya ake abuluu, ositidwa mpaka kolala. Bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, mimba patsogolo, dazi likuwala, koma akumwetulira ngati mwana amene wauzidwa kuti mawa kulibe sukulu.

Tauni yathu ili pachilumba, ndipo ili ndi anthu mazana asanu ndi atatu. Pa Khirisimasi alendo amadzaza mpaka posowa poimika galimoto, koma ikangodutsa Isitala timatsala tokhatokha, kuyang'anana. Ine ndimakonza nyumba zimene alendowo amagonamo. Murray ankayendetsa basi ya ana asukulu, ndipo ankakhala ndi amayi ake, a Beryl, amene anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi. Mlongo wake Bronwyn anakwatiwa ndi Craig, wapolisi yekhayo wa m'tauni muno. Zimenezi muzisunge.

Murray ankakonda kumangidwa ndi chingwe. Ndanena, ndipo ngati mukufuna kuseka sekani mumalize, ine ndidikira. Ankati akamangidwa manja kumbuyo m'pamene mutu wake umakhala chete: osaganiza za mapilitsi a amayi ake, osaganiza za ana makumi atatu amene ali kumbuyo kwake pamsewu wokhotakhota. Ine sindinamusekepo, poti nanenso ndili ndi zanga, kungoti ine ndi womanga. Tinadziwana pa foni zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, aliyense ndi dzina labodza ndi chithunzi chosaoneka nkhope. Tinapangana kukakumana kutali, ku tauni ina. Nditakhala patebulo ndinangoona akulowa woyendetsa basi amene ankanyamula mwana wanga. Tinaseka mpaka misozi. Sitinachite kalikonse tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse. Wakwanu sumugwira, chifukwa mawa mukumana ku positi ofesi. Anthu ngati ife timadikira alendo.

Chimene tinachita n'kukhala mlonda wa wina ndi mnzake. Wopita kukakumana ndi mlendo ankalemba dzina la munthuyo, nambala ya galimoto yake ndi nyumba imene akakhale, n'kumata mu envulopu. Naini koloko ankayenera kuimba foni. Akaimba, envulopu ankadzaitenga m'mawa yosatsegula. Akapanda kuimba, mlonda ankatsegula n'kupita. Panalinso malamulo ena. Mlendo uyambe wamuona masana, pagulu. Sizasi ikhale pafupi, ndipo Murray ankayenda ndi yake, yokulunga tepi yobiriwira pachogwirira. Pakamwa pakamangidwa nsalu sungalankhule, ndiye ukafuna kuti zithe umamenya pansi ndi chidendene katatu. Womanga akamva zimenezo amadula chingwe pompo, osafunsa.

"Wamuona masana?" ndinamufunsa tikudya.

Anathira viniga pa tchipisi zimene anali atathira kale.

"Murray."

"Wafika lero lomwe, mawa akubwerera. Talankhulana milungu itatu. Ndi munthu waulemu, amalemba ngati mphunzitsi."

"Waulemu pa foni ngakhale ine ndimatha."

"Raelene, chichokereni Epulo palibe munthu amene wandikhudza, kupatula amayi ndikamawatsitsa m'galimoto." Ananena mosaseka. Kusungulumwa kwa nyengo yozizira m'tauni muno ndimakudziwa. Kumakupusitsa uli maso.

Akutuluka anaima pakhomo. "Ndipo za chaka chatha zija zisachitikenso."

Chaka chathacho anachedwa kuimba ndi mphindi khumi zokha. Ine ndinathamangira kumeneko, kumenya chitseko, kuitana dzina lake mokweza, mpaka nyumba zoyandikana zinayatsa magetsi. Anali bwinobwino, batire ya foni ndiyo inatha. Anakhala mwezi wathunthu osandilankhula. Atabwera anandikhazika pansi. Anati nkhani imeneyi ikangomveka, palibe kholo limene lingamupatsenso mwana wake, ngakhale iye sanalakwirepo munthu. Anati amayi ake sangadzutsenso mutu kutchalitchi. Anandilumbiritsa kuti Craig ndisadzamuuze, zivute zitani.

"Undipatse mpata," anatero usiku umenewo. "Usangodumpha."

"Pita, mkwati. Utsuke kumbuyo kwa makutu."

Ndinaika envulopu pamwamba pa filiji n'kuyamba kusita nsalu za mapilo.

Naini koloko inakwana. Foni inali chete. Ndinati ndimupatse mpata. Hafu pasiti naini ndinamuimbira, inaitana mpaka kuduka. Ndinasitanso nsalu zimene ndinali nditasita kale. Teni koloko ndinaimbanso, ndipo ulendo uno sinaitane n'komwe. Ndinaitenga envulopu ija, kuitembenuza, n'kuibwezera pamalo pake. Ndinkaopa nkhope yake ija ya chaka chatha. Ndikunena zoona, ndinkaopa kuti andikwiyira kuposa mmene ndinkaopera kuti afa.

Itangodutsa hafu pasiti teni, chitseko chakumbuyo chinagogodedwa.

Katatu. Osati pakati, pamene munthu amagogoda. Pansi penipeni, pamene mphaka amakanda.

Ndinazimitsa simbi. "Murray?"

Panalibe yankho. Kunja kuli getsi limene limayaka lokha munthu akadutsa. Silinayake. Ndinatsegula. Panali nsapato zanga zamvula ndi mulu wa nkhuni, basi. Ndili chiimire pomwepo, chitseko chili m'manja mwanga, chinagundidwanso katatu m'munsi, ndipo kunjenjemera kwake ndinakumva m'zala.

Envulopu ndinaing'amba ndi mano. Dzina linali Anton. Pa nambala ya galimoto Murray analemba kuti "sananene". Nyumba inali nambala 14, kumapeto kwa msewu wa kumatanthwe.

Nyumba imeneyo ndimakonza ndine. Eni ake amakhala kumtunda, kutsidya kwa nyanja, ndipo saibwereketsa nyengo yozizira. Ndinaitseka ndekha mu Meyi, kuphimba mipando ndi nsalu, kuzimitsa magetsi ku bokosi. Munalibe mlendo aliyense wolembetsa.

Ndinatenga tochi ndi sizasi yanga n'kuliza galimoto. Njira imadutsa pakhomo pa Craig. Pawindo ndinamuona atakhala, mapazi patebulo, akuonera mpira. Ndinachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima. Zikanangotenga masitepe khumi. Ndinakumbukira lumbiro lija n'kuponda mafuta. Pa zonse zimene ndinachita usiku umenewo, zimenezi ndi zimene ndimaziona ndikatseka maso.

Kuchokera m'tauni kukafika ku nambala 14 ndi makilomita khumi ndi imodzi, nkhalango mbali zonse. Ndinkayenda mosamala chifukwa cha mawalabi, nyama zam'tchire zoyenda modumpha, amene amangodumphira pamsewu. Nditadutsa kamlatho kachiwiri, magetsi a galimoto anagwera pa munthu.

Ankabwera pakati pa msewu, kulunjika ku tauni. Malaya abuluu. Wopanda nsapato. Manja kumbuyo.

Ndinaponda buleki. Anaima mwina masitepe makumi awiri patsogolo panga. Pakamwa pake panali nsalu yakuda, yomangidwa kunkhongo. Sanatsinzine ndi kuwala kwa magetsiwo. Anayang'ana galimoto, kenako anakweza phazi lamanja n'kumenya tala ndi chidendene. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Injini inkalira, mawindo anali otseka, koma ndinamva bwinobwino ngati akumenya pansi pa mpando wanga.

"Ndabwera, Murray, ndabwera," ndinkatero ndikulimbana ndi lamba. Sizasi inagwera pansi pa mapedulo. Ndinawerama kuitola. Podzuka, pamsewu panalibe munthu.

Ndinatuluka. Ndinawalitsa tochi m'mitengo, kumanja, kumanzere. Ndinamuitana motsitsa mawu, tangoganizani, motsitsa mawu, pakati pa nkhalango, kuopa kuti wina angamve dzina lake. Mpweya wanga unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Panapita masiku ndisanakumbukire kuti m'mphuno mwa Murray simunkatuluka kanthu.

Mutu wa munthu umapeza bodza limene ukufuna. Ndinadziuza kuti ali moyo, ndamuona ndi maso anga. Zavuta, wathawa, ndipo wabisala patchire poti sanadziwe kuti galimotoyo ndi yanga. Adutsa njira ya m'mphepete mwa nyanja, akafika kwawo, adzimasula mwanjira ina. Za kugogoda kuja ndinazikankhira kumbali. Ndinaganiza zokafika kunyumbako ndikamutengere zinthu zake.

Panja pa nambala 14 panalibe galimoto, ngakhale ya Murray. Kabokosi ka pakhomo kosungiramo makiyi kanali kotseka bwinobwino. Ndinatsegula chitseko n'kulowa ndi tochi.

Mipando yonse inali yophimbidwa mmene ndinaisiyira, kupatula umodzi wa kukhitchini umene unakokedwera pakati pa chipinda. Pambali pake panali nsapato za Murray, zoikidwa mondondozana, masokosi atapindidwa m'kati. Patebulo panali makandulo awiri otha ndi matambula awiri, imodzi yosamwedwa. Pansi panali zidutswa za chingwe. Sizasi ya tepi yobiriwira ndinaipeza kutali, pamwamba pa kabati, pamene munthu womangidwa sangafikire. Pathabwa la pansi, kutsogolo kwa mwendo wamanja wa mpando uja, panali malo othimbirira, ngati pamene chinthu chamenyapo kambirimbiri. Panali timagazi pang'ono.

Ndinayang'ana m'zipinda zonse, m'bafa, m'galaja, pansi pa nyumba. Munalibe munthu.

Tsopano mverani chimene ndinachita. Ndinayatsa magetsi ku bokosi, kutunga madzi otentha, n'kuyamba ntchito yanga. Ndinaganiza kuti eni nyumba akadzaona zimenezi aimbira Craig, ndipo Craig azindikira nsapato za mlamu wake. Ndinatola chingwe ndi makandulo n'kuika m'thumba la zinyalala. Nsapato ndi sizasi ndinakaziika m'galimoto yanga. Ndinatsuka matambula. Ndinapukuta zogwirira za zitseko, tebulo, mpope, kabokosi ka makiyi, chilichonse chimene dzanja la munthu lingakhudze. Pansi ndinakolopa kawiri ndi mankhwala oyeretsera. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikukonza nyumba za anthu, palibe anadandaulapo kuti ndasiya fumbi. Nyumba imeneyo ndinaikonza kuposa ina iliyonse.

Nthawi yonse imene ndinkakolopa, china chake chinkagunda. Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma. Ndikakhala kukhitchini chinkamveka kuchipinda, ndikapita kuchipinda chinkamveka kukhitchini. Ndinati ndi mapaipi, poti ndinali nditangotsegula madzi otentha.

Ndinatuluka kukuyera. A Mervyn a nambala 9 anali pamsewu ndi galu wawo. Anayang'ana ine, anayang'ana thumba la zinyalala, anayang'ana mopu.

"Mwalawira, Raelene. Kukubwera alendo?"

"Makoswe," ndinatero.

Galu wawo, amene amandidumphira tsiku lililonse, anakhala pansi n'kumayang'ana kumbuyo kwanga.

Thumba lija ndinaliponya mu bini ya kumsika, ndipo Lachisanu ndi tsiku lotenga zinyalala. Ndinapita kunyumba kukadikira Murray kuti abwere adzanditukwane.

Hafu pasiti seveni ana anali ataima m'malo awo, basi osabwera. Eyiti koloko Bronwyn anapeza amayi ake atakhala pabedi, osamwa mapilitsi, akufunsa kuti Murray ali kuti. Masana galimoto yake inapezeka potsitsira maboti, mbedza zake zili kumbuyo monga mwa masiku onse. Foni yake sinapezeke. Tauni yonse inatsikira kunyanja. Asodzi anatulutsa maboti awo, ndege inabwera kuchokera ku mzinda, amayi a kutchalitchi anaphika supu. Ine ndinali nawo pamenepo, kugawa makapu, nsapato za Murray zili pansi pa bedi langa. Ndinkati abwera. Ndinkati wabisala chifukwa cha manyazi, ndipo ndikalankhula ndimuphera moyo wake wonse pachabe. Sitima yopita kumtunda, imene alendo amachokera nayo pachilumba pano, inanyamuka Lachisanu, inanyamukanso Loweruka.

Lamulungu madzulo ndinapita kwa Craig. Ndinamuitanira m'galimoto yanga kuti Bronwyn asamve, n'kumupatsa envulopu, nsapato ndi sizasi. Ndinamuuza zonse kupatula za pamsewu zija. Anamvetsera osandiyang'ana. Kenako tinapita ku nambala 14. Atangotsegula chitseko, fungo la mankhwala oyeretsera linatilandira. Anaima pakhomo nthawi yaitali.

"Unakolopa."

"Ndinakolopa."

"Unadutsa pakhomo panga?"

"Ndinadutsa."

"Ndinali maso mpaka thwelofu, Raelene." Sanakweze mawu. Bola akanandimenya. "Ukuganiza kuti ndinali wosadziwa? Zaka khumi ndikudziwa kuti mlamu wanga ali ndi zake. Ndikanapita ndekha, wopanda yunifomu. Palibe akanamva."

Ndinakhala pansi pakhonde.

Craig analemba zonse n'kutumiza ku mzinda. Kunabwera amuna awiri, anakhala tsiku limodzi m'nyumbamo ndi timaburashi tawo, sanapeze ngakhale chala chimodzi. Anton kunalibe, dzinalo linali litafufutidwa kale pa tsamba la pa intaneti limene ankalankhulirana. Zinyalala zinali zitakwiriridwa. Mmodzi wa amunawo anandifunsa ngati ndingakamukonzere nyumba yake. Sankaseka.

Craig anawapempha kuti nkhaniyi isafike kwa Bronwyn ndi kwa amayi, ndipo sinafike. Patapita miyezi anati Murray anatengedwa ndi nyanja akuwedza. Kutchalitchi kunadzaza. Ana asukulu anaimba nyimbo, makolo analira, ndipo potsitsira maboti anaikapo benchi yolembedwa dzina lake. Chinsinsi chake ndinachisunga mwaukhondo mmene ankafunira. Palibe kholo limene linadandaula kuti ankanyamula mwana wake.

Anthu amanong'ona, inde, koma za ine. A Mervyn anauza akazi awo, akazi awo anauza tauni. Akuti ine ndi Murray tinali pachibwenzi, tinkakumana m'nyumba za alendo, tinakangana usiku umenewo, iye n'kukadziponya m'nyanja. Ku positi ofesi amasiya kulankhula ndikalowa. Sindiwatsutsa. Nambala 14 inagulitsidwa, ndipo alendo amene amagonamo amadandaula za mapaipi amene amagunda usiku. Wokonza mapaipi wapitako katatu.

Kwathu kumagogodedwabe. Osati tsiku lililonse. Kukamagogodedwa imakhala naini koloko, pansi pa chitseko chakumbuyo. Ndimatsegula nthawi zonse, sizasi ili m'manja. Ndimayankhula ndi mdima, ndimati ndamva, tembenuka ndidule. Palibe chimene chimatembenuka. Ndinasiya kukumana ndi alendo. Zingwe zanga ndinazitentha. Mtima wanga unatha ntchito, ndimangodzuka n'kukakolopa nyumba za anthu.

Lachiwiri lililonse ndimakakonza kwa a Beryl, kwaulere. Anakana kusamukira kwa Bronwyn. Mwezi wathawu ndinali nditagwada kukhitchini kwawo, ndikupukuta m'munsi mwa chitseko chakumbuyo. Penti inali itachoka pamalo amodzi, pansi penipeni. Ndinasiya kupukuta. Iwo anali pampando wawo, tiyi ali m'manja, akundiyang'ana.

"Kwanunso amabwera?" anandifunsa.

Anamwako tiyi n'kupitiriza.

"Ndimadziwa kuti ndi iyeyo. Mayi sasokonezeka ndi mwana wake. Ndimadzuka, koma miyendo yangayi, pofika pakhomo amakhala atapita." Anaika kapu pansi mosamala. "Chimene chimandizunguza ndi chimodzi, mwanawe. Murray ndinamulera bwino. Sanamenyepo chitseko ndi phazi, ngakhale ali wamng'ono. Munthu womira m'madzi manja amakhala nawo. Nanga bwanji sagogoda ndi dzanja?"

Ndinayang'ana nsanza imene inali m'manja mwanga.

"Iwe unali mnzake," anatero. "Akufuna chiyani?"

"Sindikudziwa, amayi," ndinatero, n'kupitiriza kupukuta.